Chitini cha Chimanga ndi Foni ya Mdzukulu Wanga

Adzukulu anga a ku Honde ndi a ku Chipinge, senderani pafupi, foni muyambe mwaiika pabondo.

Loweruka lina ndinali pakhonde la sitolo pa Hauna, ndikudikira kombi yobwerera kunyumba. Pambali panga panakhala anyamata anayi, onse ana a m'komboni, ndipo mkangano wawo unali wa mafoni. Wina ankati iPhone yatsopano ilibe inzake, wina ankati kamera ya Samsung imajambula ngakhale mwezi. Dzina la foni iliyonse ankalidziwa, mtengo wake m'madola ankaudziwa, ngakhale tsiku limene inatuluka. Ndinawamvetsera ola lathunthu mtima ukusangalala, pakuti mwana wofuna kudziwa za kutali ndi mwana wamoyo. Kombi itayandikira, mmodzi anatulutsa kafoni kake ka Itel kong'aluka galasi, nakayang'ana, nati: "Ine ndikufuna kuphunzira kupanga ma app." Anzake anaphulika kuseka. Ine ndinamuyang'anitsitsa mpaka anakwera, ndipo mawu ano ndikulembera iyeyo, pamodzi ndi nonse amene muli ndi maganizo ngati akewo koma mukuopa kuwatchula.

Bambo anga anachoka ku Mulanje m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Chitaganya, nadutsa ku Tete kudzafuna ntchito ku Southern Rhodesia. Tiyi anali atamuthyolapo kale kwawo, choncho atamva kuti ku Chipinge kuli minda ya tiyi analunjika komweko. Tiyi wa kumeneko anayamba mu 1924 pa famu ya New Year's Gift, ndi mbewu yochokera ku Assam m'dziko la India, ndipo pamenepo ndi pamene panaphukira kampani ya Tanganda, mwini wa minda ya Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Tingamira. Pambuyo pake tiyi anafika kuno ku chigwa cha Honde, m'tsinde mwa phiri la Nyangani, komwe mvula sisowa. Bambo sanabwererenso kwawo. Anatchona, ndipo manda awo ali kuno. Ine ndinabadwira m'komboni, ndinaphunzira sukulu ya pa esiteti, ndipo ukalaliki wa pa sikelo ndinaugwira zaka zoposa 30. Ndinayamba ndi buku ndi pensulo, ndinapuma ntchito ndikulemba pa kompyuta. Makinawa sindiwaopa, ndipo sindikubwera kudzakulandani foni.

Kutsata nkhani za zipangizo zamakono n'kwabwino, musaleke. Koma dziwani kuti zambiri mwa nkhani mumawerengazo anazilemba kuti mugule, osati kuti mupange. Mu Januwale ku Las Vegas kumakhala chionetsero cha CES, kenaka ku Barcelona kumakhala Mobile World Congress, cha mu Seputembala Apple imaonetsa iPhone yatsopano. Wonsewo ndi msika, ndipo wamalonda sanyoza katundu wake. Munthu akhoza kutha bandulo ndi bandulo, chaka ndi chaka, akuonera anthu a kutali akutsegula makatoni a mafoni pa YouTube, n'kufika podziwa zonse za foni imene sadzaigwira, pamene sadziwa chimene chimachitika m'kati mwa foni yakeyake akadina batani. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, chifukwa nzeru zilipo, nthawi ilipo, koma zonse zikuthera pakhonde la sitolo.

Nkhani ya zipangizo imene inasinthadi chigwa chino ndinaiona ndi maso anga, ndipo sinali ya kamera. Strive Masiyiwa analimbana m'makhoti kwa zaka zingapo kuti aloledwe kuyambitsa kampani ya mafoni a m'manja, ndipo kampani yakeyo, Econet, inayamba ntchito mu 1998. Mu 2011 kunabwera EcoCash yotumizira ndalama pa foni, kutsata njira imene M-Pesa inalambula ku Kenya mu 2007. Isanabwere, kholo likafuna kutumiza ndalama kwa mwana wa pasukulu ku Mutare linkapatsira kondakitala wa basi mu envulopu, usiku n'kugona mtima uli m'mwamba. Itabwera, mayi wothyola tiyi anayamba kudina *151# pa kafoni ka mabatani, kaja kuno timati kambudzi, ku Malawi amati mose wa lero, ndalama n'kufika iye asanathe kutsuka mbale. Sipankafunika intaneti, sipankafunika foni yodula. Amene anakonza zimenezo anayamba aona foni imene ili m'thumba la mayiyo ndi nkhawa imene ili mumtima mwake, pambuyo pake ndi pamene analemba pulogalamu.

Onaninso mafoni ali m'matumba mwanuwo. Itel, Tecno ndi Infinix onse ndi a kampani imodzi ya ku Shenzhen, m'dziko la China, dzina lake Transsion. Inapitirira makampani akuluakulu pamsika wa mu Africa chifukwa inaphunzira kakhalidwe kathu. Inaona kuti timasinthasintha makadi pothawa mitengo ndi kusowa kwa netiweki, niika malo a makadi awiri. Inaona magetsi akuzimazima, niika batire lokhalitsa. Inaona kuti makamera ambiri sajambula bwino nkhope ya munthu wakuda, nikonza yake. Nkhani zotere ndizo muzizisakasaka. Ku Harare kuli Techzim, imene anaiyambitsa Limbikani Makani mu 2009, ndipo imalemba za mitengo ya data, za malamulo a bungwe la POTRAZ, za kubwera kwa Starlink m'dziko muno mu 2024. Mukawerenga chinthu chatsopano, muzidzifunsa kuti chikafika pa Hauna kapena m'tauni ya Chipinge chidzam'chitira chiyani munthu amene mumam'dziwa dzina.

Tsopano ndikuuzeni chimene chinandichitikira ine.

Linali dzinja, nyengo imene tiyi amaphuka usana ndi usiku ndipo mzere wa pa sikelo sutha. Pa esiteti ina imene ndinkagwirapo ntchito panali mayi wina wochokera ku Thyolo, wothyola tiyi wa manja ofulumira kwambiri, koma sanapondeko m'kalasi. Kachitidwe kathu kanali kotere: wothyola akakoloweka masamba pa sikelo, kalaliki amatchula makilogalamu mokweza, n'kulemba m'buku pa mzere wa nambala ya munthuyo. Tsiku lina, mvula ikuwaza, buku likunyowa, anthu akukankhana, ndinalemba makilogalamu 38 a mayiyu pa mzere wa mnzake wapansi. Sindinadziwe. Mwezi utatha, malipiro ake anaperewera.

M'mawa mwake anafika pa tebulo langa atanyamula chitini cha mkaka, nachikhuthula patsogolo panga. Munali chimanga ndi nyemba. Anandifotokozera mwaulemu, osakweza mawu, kuti ine ndikatchula makilogalamu iye amasunga nambalayo pamtima mpaka madzulo, akafika kunyumba amaponya m'chitini njere ya chimanga pa makilogalamu khumi alionse ndi nyemba pa kilogalamu iliyonse yotsala. Tinawerenga limodzi, iye akusuntha njere ndi chala, ine ndikutsata buku. Chitini chinali cholondola, buku ndilo linalakwa. Ndinakonza, ndalama zake analandira, koma usiku umenewo sindinagone, poganiza kuti akanakhala wopanda chitini akanangopita kunyumba ndi njala ya ana ake, ine osadziwa kuti ndamudyera thukuta.

Zaka zambiri pambuyo pake, kompyuta itafika mu ofesi, ndinazindikira kuti mayi uja anali atapanga kale chimene inu mukuti app. Chitini chake chinkalandira nambala, chinkaisunga, chinkaphatikiza, ndipo tsiku la mlandu chinkapereka umboni. Ntchito ya pulogalamu ndi yomweyo. Zina zonse ndi utoto.

Mdzukulu wanga wamkazi atalemba mayeso a Fomu 4 anandiuza zofanana ndi za mnyamata wa pa Hauna uja, ndipo maganizo ake anali pa app yoposa WhatsApp. Ndinamufotokozera nkhani ya chitini, ndi kumukumbutsa kuti mayi ake omubala amathyola tiyi ndipo mpaka lero makilogalamu awo amawalemba pa kapepala kamene kamanyowa m'thumba la epuloni. Anakhala chete masiku awiri. Tsiku lachitatu anakabwereka laputopu kwa aphunzitsi ake akale, nayamba ndi MIT App Inventor, chida chaulere chimene chinayambira ku Google n'kusamukira ku yunivesite ya MIT ku America. M'menemo munthu salemba mawu ovuta. Amalumikiza timabokosi ta malamulo ngati akuyala njerwa, ndipo chimene wamanga amachiona nthawi yomweyo pa foni yake. Mulinso kankhokwe kotchedwa TinyDB kamene kamasunga zinthu m'foni momwemo. Anamanga tsamba limodzi lokha: tsiku, makilogalamu, mtengo wa kilogalamu, ndi chiwerengero cha mwezi wonse pansi pake. Zinamutengera milungu itatu, ndipo kawiri ndinamupeza akulira.

Ndinkakhala pambali pake madzulo, ndipo ndinadabwa kuona kuti kaganizidwe kake ndi ka pa sikelo komwe. Ngati masamba anyowa, chotsapo zakutizakuti, ngati ndi ouma, lemba momwemo. Bwereza zimenezi kwa wothyola aliyense mpaka mzere utathe. Sunga nambala ya dzulo kuti uiphatikize ndi ya lero. Anthu a makompyuta ali ndi mayina awo a zinthu zimenezi, koma mwana wokulira pa esiteti waziona kuyambira ali kumsana. Musadziderere poganiza kuti ntchitoyi ndi ya ana a olemera a ku Borrowdale okha.

Chinthu chimodzi ndinamuumiriza, ndipo inunso ndikukuumirizani: chimene mwapanga chizigwira ntchito popanda netiweki. Kuno ukangotsika m'khwawa timizere ta netiweki timazimiririka. A ku Chipinge mukukumbuka Malichi wa 2019, namondwe wa Idai atagumula misewu ndi milatho kwanuko ndi ku Chimanimani, anthu masiku ambiri osatha kulankhulana ndi abale. Wopanga app ali pa mpando ku London saganiza zimenezo chifukwa sanazionepo. Inu mwaziona, ndipo pamenepo ndi pamene mumuposa. App yanu ikhale yopepuka, yosadya data, yotha kuyenda pa foni yotchipa yodzaza kale ndi zithunzi ndi nyimbo za kwaya.

Njerwa za App Inventor zikayamba kukucheperani, njira yotsatira ilipo. Mafoni amakono a kuno pafupifupi onse ndi a Android, ndipo chilankhulo chimene Google imalimbikitsa popanga ma app a Android ndi Kotlin. Inachivomereza mu 2017, nichiika patsogolo mu 2019. Amalembera mu pulogalamu yaulere yotchedwa Android Studio, ndipo Google yomweyo ili ndi maphunziro aulere a oyamba kumene otchedwa Android Basics with Compose. Palinso Flutter, imene imagwiritsa ntchito chilankhulo cha Dart, ndipo chimene walemba kamodzi chimayenda pa Android ndi pa iPhone pomwe. Zonsezi n'zabwino. Choipa n'kudumphadumpha: sabata ino Kotlin, yamawa wamva kuti Python ndiye yandalama, inayo waona vidiyo yonena kuti Flutter yatha ntchito. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani chimodzi, mukhale nacho chaka chathunthu, mumalize kanthu kamodzi kamene munthu wina akugwiritsa ntchito.

Za ndalama ndisakubisireni. Android Studio imafuna kompyuta yokhala ndi RAM ya 8 GB kapena kuposa, ndipo laputopu yotero, ngakhale yogwiritsidwa kale ntchito, si ya malipiro a mwezi umodzi a wothyola tiyi. Bwerekani, sonkhanani atatu pa laputopu imodzi, pemphani nthawi ku sukulu imene munaphunzira, gulitsani nthochi mudzisungira. Kupanga app ya iPhone pa pulogalamu ya Xcode kumafuna kompyuta ya Mac, ndipo Apple imalipiritsa madola 99 chaka chilichonse, choncho zimenezo zisiyeni kaye. Ku Google Play munthu amalipira madola 25 kamodzi kokha, koma wolembetsa watsopano amayenera kuyamba wapeza kagulu ka anthu oyesa app yake kwa masiku 14 isanaloledwe kupita kwa aliyense. Musathamangire kumeneko. Oyesa anu oyamba ali m'komboni momwemo, ndipo adzakuuzani zoona zimene mlendo sangakuuzeni.

Kulephera mudzakumana nako tsiku lililonse. Mudzalemba zimene mukuona kuti zili bwino, mukadina batani n'kungotuluka mizere yofiira. Mdzukulu wanga poyamba ankatseka laputopu akaona kufiirako. Ndinamuuza za masiku otseka mwezi, pamene buku likaperewera senti imodzi sitinkaweruka mpaka itapezeka, ndipo nthawi zambiri inkabisala pa nambala imene diso laidutsa kakhumi. Mizere yofiirayo ndi makina akukulozerani pamene pali vuto, nthawi zina mpaka nambala ya mzere wake. Iwerengeni modekha, mawu ndi mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku ano kuli ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022, ndi zinzake, zotha kukulemberani pulogalamu mukangozipempha. Zifunseni monga mungafunsire mphunzitsi, zikufotokozereni chifukwa chake mzere wakuti uli choncho. Koma musaike m'foni ya mayi anu chinthu chimene inuyo simukuchimvetsa, chifukwa tsiku limene chidzaphatikize molakwa, mayi anu adzafunsa inu, ndipo mudzasowa poyambira.

Sukulu musaitaye chifukwa mwamva kuti olemera ena a ku America anaisiyira panjira. Iwowo anasiya yunivesite, ali ndi makolo owagwiriziza kumbuyo. Inu masamu ndi Chingerezi muzikhoze pa mayeso a ZIMSEC, pakuti malangizo a zida zonse ndatchulazi alembedwa m'Chingerezi, ndipo Mutare Polytechnic, Harare Institute of Technology ndi NUST ya ku Bulawayo zimayamba zaona satifiketi. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Sukulu anaisiya chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, osati mwakufuna, ndipo makina ake a mphepo opangira magetsi anawaphunzira m'buku la mu laibulale, akuvutika ndi Chingerezi chake mpaka anamvetsa. Mwayi utapezeka anabwerera m'kalasi.

Chenjerani ndi anthu amene amakutumizirani uthenga wolonjeza kukusandutsani akatswiri m'masiku 30 mukalipira, ndi ena okukokerani ku juga ya pa foni ndi malonda a ndalama zakunja amene amati mulemera mukugona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndaona ndalama za fizi zikuthera m'menemo.

Ndipo pali chinthu cholemera kuposa zonsezi. Tsiku limene app yanu idzasunge malipiro a munthu, nambala ya chitupa chake kapena ngongole yake ya ku golosale, mudzakhala mutasenza chinsinsi cha mwini. Ine ndinkadziwa malipiro a komboni yonse, ndipo ngakhale agogo anu aakazi sindinawauzepo a munthu mmodzi. Dziko lino lili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, koma lamulo lisanakugwireni, manyazi ayambe akugwirani. Musatenge zimene simukufunikira, musapereke kwa wina zimene munthu sanakuloleni. Ife ana a matchona tikudziwa kulemera kwa kalembera. Ambiri a ife tinakhala zaka ndi zitupa zotitcha alendo m'dziko limene tinabadwira, mpaka malamulo aakulu a 2013 anatizindikira kuti ndife nzika. Mawu amodzi olembedwa pa kadi ankatseka zitseko za moyo wonse wa munthu. Mukamalemba za anthu m'makina, muzikumbukira zimenezo.

Malamulo omwewo a 2013 anatchula zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, ndipo Chichewa chilimo, Chindau cha ku Chipinge chilimonso. Koma tsegulani foni yanu muone ngati muli app imene imalankhula ndi agogo anu m'chilankhulo chawo. Ambiri a inu Chichewa mukuchimva koma mumayankha m'Chimanyika kapena m'Chindau, ndipo sindikukudzudzulani, pakuti munabadwira pakati pa anthu amenewo ndipo ndi abale athu. Ndikungoti muli ndi zilankhulo zitatu kapena zinayi pakamwa pamodzi, chuma chimene wopanga ma app wa kutali alibe. Chigwiritseni ntchito pa mabatani anu.

App ya mdzukulu wanga itatha, anaiika m'foni ya mayi ake Lamlungu madzulo. Lolemba mayiwo anabwera kuchokera kumunda nkhope ili gwa. Anati zala zawo zikanyowa ndi mame a tiyi timabatanito sitikhudzika, n'tating'ono kwambiri. Anati padzuwa zilembo zotuwazo sizioneka. Anafunsanso kuti batani lolembedwa "Save" likutanthauza chiyani, chifukwa anaopa kulidina poganiza kuti likhudza ndalama zawo za ku EcoCash, motero tsiku lonse sanasunge kalikonse. Mtsikanayo anamvetsera osayankha, natenga foni. Usiku umenewo, pa nyale ya sola, anakulitsa mabatani kuti akwane chala chachikulu, anadetsa zilembo, ndipo pa batani lija analembapo "Sungani". Lachiwiri mayi ake anabwera ndi makilogalamu a tsikulo ali m'foni, kumbuyo kwawo kukubwera amayi ena awiri a m'gulu lawo, mafoni ali m'manja. Mmodzi anali ndi kambudzi, ndipo mdzukulu wanga akuganizabe mpaka lero mmene angam'thandizire ameneyo.